Bonongwe Wofiira wa Amake Misozi

Taonga, tayamba waika chikwakwacho pansi. Dalitso, nawenso chotsa timawaya tako m'makutumo, ubwere ukhale apa pamthunzi. Ndamva amayi anu akukulamulani kuti mawa mutchetche bwalo lonse chifukwa kukubwera alendo a kutchalitchi. Sindikukana, mutchetche ndithu. Koma kuseri kwa khola la nkhuku kuli chomera chimodzi chimene ndikufuna muchidziwe musanayambe, ndipo kuti muchidziwe bwino ndiyenera kuyambira kutali. Musayang'anane choncho. Ndikudziwa kuti mumati nkhani za agogo zilibe mabuleki.

Inu ana mumati bondwe, monga amanenera anzanu a Chibemba kusukulu. Kwathu ku Katete ndi bonongwe. Koma amene ndikunena ine si uja wobiriwira amene amamanga timitolo pamsika wa Chelstone ayi. Uyu anali wofiira tsinde, masamba ake aakulu ngati chikhatho changa ichi, ndipo ankakula mpaka kupitirira munthu. Mwini wake anali agogo anu aakazi, amayi awo a amayi anu, amene inu simunawaone. Ine ndinkawatcha amake Misozi.

Anali aatali agogo anu. Taonga, miyendo yakoyo si ya kwa atate ako, usanamizidwe. Tsiku limene ndinakawatenga kumudzi, basi inanyamuka dzuwa likungotuluka, ndipo pofika pa mlatho wa Luangwa tonse tinali titafiira ndi fumbi. Anthu anatsika kukagula nsomba zouma, koma iwo anakhala phee pampando, atagwira nsonga ya chitenje pamene anamanga kamfundo. Ine ndinkaganiza kuti ndi mankhwala a ulendo. Titafika mu Lusaka, m'kanyumba kanga ka ku Kabwata, anamasula kamfundoko n'kundionetsa tinjere takuda, tonyezimira, tating'ono kuposa mchenga. Anati tinjereto tinachokera kwa amayi awo, ndipo amayi awowo anatilandira kwa amayi awo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya boma yonyamula katundu. Ntchito yanga inali ya matayala, ndipo nyumbayo inali ya kampani. Kuseri kwake kunali kamalo kosakwana ngakhale bwalo ili, koma mvula ikagwa kankasanduka nkhalango. Poweruka madzulo ndinkayenda wapansi kuchokera kutauni, chifukwa maminibasi amene mumawadziwa inuwa kunalibe, ndipo ndikamakhota pangodya ndinkaona ngala zofiira zikugwedezeka pamwamba pa mpanda. Pakati pake pankaoneka kaduku koyera kokha, kakuyenda pang'onopang'ono. Ndinkaima kaye pamsewu n'kumangoyang'ana. Mpaka lero ndikatsinzina masana, chimene ndimaona ndi kaduku kaja.

Ngala zikauma ankazipukusa m'lichero n'kupeta. Lichero mukulidziwa inu? Si chija chapulasitiki chimene mumatsukiramo mpunga. Ngala imodzi yokha inkatulutsa njere zoti simungaziwerenge, ndipo zambiri zinkagwera pansi zokha. Mvula yoyamba ikagwa, nthaka yonse inkafiira ndi timbande tothithikana. Koma patapita masabata awiri, tambiri tinkakhala titafa. Tina nkhuku za aneba zajompha, tina dzuwa lawotcha, tina tangophimbidwa ndi tinzake. Malo anali ochepa, ofuna kukhalapo anali ambirimbiri.

Ndiye panali kachitidwe kawo kena. M'mawa uliwonse ankayenda m'kamundamo n'kumazula bonongwe wina n'kusiya wina. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Amake Misozi, nanga uyu walakwanji? Si bonongwe yemweyo?"

"A Phiri, inu mumadziwa matayala," anatero akuseka. "Tamuonani bwino. Sanafike n'pabondo pomwe, koma wayamba kale kutulutsa ngala. Uyu ndi wopupuluma. Ameneyu timadya msanga asanabale. Wambewu ndi uyo wofatsayo, amene amayamba wakula."

"Nanga mukumuzula chaka chilichonse, bwanji sakutha?"

"Satha ameneyu. Amabisala mwa anzake."

Ndinangoseka n'kupita kuntchito. Wopupulumayo tinkamudya wotendera nsinjiro, ndipo anali wokoma chimodzimodzi ndi mnzake.

Zaka zinapita, amayi anu anakula, anayamba sukulu. Inu simudziwa kuima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kuuzidwa kuti watha. Ife tinaima. Kenako inafika nthawi ya zipani zambiri, tinavota, tinavina m'misewu. M'masitolo munadzaza zinthu zimene tinkangozimva, maapozi a ku South Africa atapakidwa ngati mazira, zovala za salaula, zija zovalidwa kale, zili mbwee mpaka m'mphepete mwa msewu. Maso anakhuta ndithu. Koma mvula inakana, ndipo posakhalitsa tinamva kuti kampani yathu yagulitsidwa. Anatipatsa makalata, ndipo m'kalatamo munalinso mawu akuti nyumba tituluke.

M'nyengo yomweyo agogo anu anayamba kutsokomola. Za matendawo sindinena zambiri, sindinazolowerebe. Tsiku lina masana, ali gone pamphasa pakhonde, anandituma kuti nditenge kabotolo ka mafuta odzola kamene kanali pawindo. Munali njere zija, kodzaza mpaka pakhosi.

"A Phiri, mbewu iyi musaisunge m'botolo ngati mchere," anatero. "Ikakhalitsa imafa. Muziiwaza chaka chilichonse, ngakhale pakamalo kochepa. Misozi adzaipeze."

Ndinavomera. Anamwalira m'nyengo yozizira, mphepo ya fumbi ikuwomba.

Misozi anapita kukakhala kwa azakhali ake kuti amalize sukulu, ine ndinapeza kachipinda kamodzi komweko ku Kabwata. Pabwalo ponse panali simenti, mabanja asanu ndi limodzi mpope umodzi. Dothi lokhalo linali la m'ngalande. Kabotolo kanakhala pawindo, ine n'kumakayang'ana ngati munthu amene ndamulakwira.

Amene anandipulumutsa anali ba Mwansa, bambo wachikulire wa ku Luapula amene tinkaimba naye kwaya. Iwo ankalondera pageti pa nyumba ina ku Kabulonga, ndipo anandiuza kuti kukufunika munthu wosamalira maluwa. Ine wa matayala, maluwa ndinkawadziwira kuti? Koma ndinapita. Geti litatseguka ndinaima kukamwa kuli yasa. Kunja kunali fumbi la Okutobala, m'katimo munali mobiriwira ngati Febuluwale. Timipope tinkazungulira tokha pakapinga tikuwaza madzi, ndipo dzuwa likawomba pamadzipo pankaoneka utawaleza waung'ono, wofika m'chiuno. Maluwa a jakaranda ankagwa osamveka. Masiku oyamba ndinkayenda monyang'ama, kuopa kudzutsa malowo.

Mwini nyumba anali mayi wa bizinesi, mmodzi wa amene anatukuka nthawi imeneyo ndi kuoda katundu kunja. Tinkangowatcha ba madamu. Sanali munthu woipa, musamve molakwa. Ankatipatsa tiyi wa mkaka, ndipo Misozi atadwala anandipatsa masiku atatu osafunsa zambiri. Koma kapinga wawo ankamukonda ngati mwana. Panali makina otchetchera, a injini, okankha ndi manja, ndipo lamulo linali lakuti Lachisanu lililonse makinawo ayende bwalo lonse.

Mvula itayandikira ndinalimba mtima n'kuwapempha kangodya kamodzi.

"Ba Phiri, pano si pa munzi," anatero. "Bondwe nikaifuna nigula ku maketi. Pano nifuna chabe kapinga, mwamvela?"

Ndinati ndamva. Koma kuseri kwa nyumba kunali thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo, ndipo inkadontha pang'ono, moti pansi pake pankakhala chinyezi. Ba madamu sankafikako kawirikawiri. Ndinawaza theka la kabotolo pakapinga pomwepo, ndipo anamera. Lachisanu ndinkazungulira ndi makina n'kusiya kachigawo kaja. Masabata anayi anakwana, bonongwe anafika m'mawondo, masamba akutambasuka. Ndinkadyera pomwepo chakudya changa cha masana, n'kumayankhula naye pang'ono, poti panalibe wondimva.

Sabata lachisanu ba madamu anabwera ndi munthu wodzaona thanki.

"Ba Phiri! Ivi n'vichani? Muzaniletela njoka pano. Jubani vonse manje manje."

Ndinaliza makina iwo ataima pomwepo. Fungo la bonongwe wodulidwa linakwera, fungo lenileni la m'manja mwa agogo anu, ndipo ndinakankha makinawo ndikuyang'ana kumbali. Chaka chotsatira ndinati mwina ulendo uno ba madamu adzakhalitsa ku South Africa kokaoda katundu, ndipo ndinakhuthula kabotolo konse. Apa ndiye panali kupusa kwanga koyamba, sindinasiyeko ngakhale pang'ono. Anabwerako msanga, ndipo ndinatchetchanso. Kabotolo kanatsala kopanda kanthu, ndipo ndinati basi, ndawataya kachiwiri amake Misozi.

M'chaka chachitatu, tsiku lina nditagwada pansi pa thanki kuchotsa udzu umene unakola mpeni wa makina, ndinaona kanthu kofiira m'kapinga. Ndinapatula udzu ndi zala. Anali bonongwe, wofiira tsinde, koma atagona chafufumimba, nthambi zake zitayala pansi. Kunsonga kwake kunali kangala kakang'ono ngati chala cha mwana, kodzaza njere. Mpeni wa makina unkadutsa pamwamba pake osamukhudza. Nditayang'ana bwino ndinapeza wina, ndi winanso.

"Ba Phiri, muli shani? Musakila chani pansi apo?" anafunsa ba Mwansa atandipeza ndikukwawa.

"Ba Mwansa, bwerani muone. Akadali moyo!"

Anawerama, anayang'ana, n'kupukusa mutu. "Aka ka bondwe? Awe mwandi, aka nikafupi maningi. Si mwenze munakamba ati yenze itali kuchila muntu?"

"Ndi chifukwa ndimamudula," ndinawayankha. "Tsiku limene adzapeze malo ake adzaimirira, mudzaona."

Kumeneko ndiye kunali kupusa kwanga kwachiwiri, ndipo ndinakhala nako zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkakankha makina mtima uli m'malo, ndikulota. Phokoso la injini likakuzolowera limakhala ngati tulo. Ndinkapita uku n'kubwerera uku, mizere yowongoka, maganizo ali ku Kabwata pangodya paja, ngala zikugwedezeka pamwamba pa mpanda. Chaka chilichonse mvula ikagwa, pansi pa thanki pankamera timbande tina toimirira chilili, tothamangira kumwamba. Lachisanu makina ankatidula mitu tisanabale. Chaka chotsatira toimiriratu tinkachepa, chotsatiracho n'kucheperanso. Ndinkaona ndi maso angawa, koma sindinaganizepo kanthu. Ndinkati bola wofiira alipo.

Amayi anu atakwatiwa ndi atate anu n'kupeza malo ano, anabwera kudzanditenga. Anati mawondo anga atha, ndipume. Tsiku lotsazika ndinagwada pansi pa thanki ndi katsache, ba Mwansa atandigwirira chitini, ndipo ndinasesa njere pamodzi ndi dothi lomwe mpaka chitini kudzaza. M'minibasi ndinachifungatira pamiyendo, kondakitala n'kumandiseka kuti mudala wanyamula dothi ngati ku Chelstone kulibe.

Kuno ndinatipula mozama kuseri uko, kumene tsopano kuli khola, n'kuthira manyowa a nkhuku. Ndinazika ngakhale timitengo toti adzatsamire mphepo ikadzawomba. Ndipo ndinalonjeza. Ndinawauza amayi anu kuti, "Misozi, pofika Khirisimasi udzaona munda wa amayi ako." Iwo anali ndi pakati pa iwe Dalitso, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukasuzumira.

Anamera wofiira bwinobwino. Sabata loyamba ndinkayenda ngati mnyamata. Sabata lachiwiri ndinaona kuti nthambi zikupita m'mbali. Sabata lachitatu yense anali atagona pansi, aliyense ndi kangala kake, pamalo poti panalibe makina, panalibe ba madamu, panalibe chomuopsa chilichonse. Timitengo tanga tinangoima tokha. Amayi anu anaima nthawi yaitali, manja ali pamimba.

"Adadi, uyu si uja wa amama," anatero motsitsa mawu, n'kulowa m'nyumba.

Ndinati mwina manyowa achepa. Chaka chotsatira ndinatenga njere za omwewo, ndinawonjezera manyowa, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Ana ake anagona ngati makolo awo.

Ba Mwansa anabwera kudzandiona Lamulungu lina, ndipo ndinawatengera kuseriko. Anayang'ana n'kunena kuti, "Ba Phiri, iyi bondwe inaphunzila kubisama. Yayopa mashini, manje yaibala kuimilila."

Usiku wonse... ayi, ndisaname, ine ndimagona bwino. Anali masiku angapo ndikuwaganizira mawu amenewo, nditakhala pampando uno. Ndipo ndinaona kuti ba Mwansa analakwitsa, monga ndinalakwitsira ine. Palibe bonongwe amene anaphunzira kanthu. Wamtali sanasanduke wamfupi ayi. Wamtali anafa. M'kabotolo muja munali mitundu yonse iwiri kuyambira kale, wofatsa wambiri ndi wopupuluma pang'ono, uja agogo anu ankati amabisala mwa anzake. Ku Kabwata dzanja la agogo anu linkazula wopupuluma asanabale, ndiye ana ambiri ankakhala a wamtali. Ku Kabulonga mpeni unkadula aliyense wodzutsa mutu, ndiye wobala anali yekhayo amene anafulumira ali pansi. Mwana amatsata kholo lake. Lachisanu ndi Lachisanu, chaka ndi chaka, mpaka otsala onse anali ana a wopupuluma.

Makina aja sankadziwa kuti akusankha. Analibe maso, analibe chidani ndi munthu. Akanakhala mbuzi yodya msipu kapena chilala chobwera msanga, zikanachitika chimodzimodzi: obadwa ndi ambiri, safanana, ndipo malo amene agwera ndi amene amanena woti abale. Taonga, si zomwezi zimene unkaloweza mokweza sabata latha, ukukonzekera mayeso? Unkatchula mawu aatali a Chingerezi ngati ukutafuna mwala. Ine ndinaziphunzira ndi mawondo. Ngakhale mphemvu za m'khichini mwa amayi anu, zija akuti masiku ano zimangoyenda pamankhwala ngati zikupita kumsika, nkhani yake ndi yomweyi. Zimene zinkafa zinafa kale, zatsalazi ndi zidzukulu za zimene sizinkafa.

Koma chimene chinandiwawa n'chakuti makinawo sankayenda okha. Amene ankawakankha ndinali ine. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaganiza kuti ndikusunga mbewu ya amake Misozi, pamene ndinali kuimaliza ndi manja anga, ndikuimba nyimbo za kwaya. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinalira, ndikuuzeni zoona. Ndinalira kuposa pamaliro, chifukwa pamaliro ndinalibe mlandu.

Kuyambira pamenepo sindinadzalenso. Wamfupiyo amadzimerera yekha chaka chilichonse, ndi uja mumamuponda mukamapita kukatola mazira. Nthawi zina ndimatola timasamba take n'kuwapatsa amayi anu kuti atendere. Kukoma kwake n'komwe kuja, koma kuti mudzaze mbale mpaka msana kuwawa. Amayi anu amaphika, ndipo za munda wa amayi awo sitinazitchulenso.

Tsopano tamverani. Mukukumbuka miyezi iwiri yapitayo, paipi itaphulika kuseri kwa khola, atate anu anakumba dzenje lofika m'mawondo? Anakumba pamalo pomwe ndinakhuthulira chitini chija. Dothi la pansi linabwera pamwamba, kenako mvula inagwa. Patapita masiku ndinaona kambande kamodzi pakati pa ogona aja, kofiira, kataimirira chilili. Sindinakhulupirire. Ndinati dikira, nkhalamba iwe, unanamizidwapo kale. Sabata lachitatu linadutsa osatulutsa ngala. Lachinayi linadutsa, akungokula, masamba akutambasuka.

Kumene wachokera sindikudziwa bwino. Mwina ndi njere ya m'kabotolo mwenimweni, imene inagona m'dothi la ku Kabulonga osamera, ine n'kuisesa, n'kuikwirira mozama ndi khasu langa, n'kugonanso zaka zonsezi. Mwina wamtali nayenso amadziwa kubisala mwa anzake. Agogo anu akanandiuza. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndi mmodzi yekha, ndipo ngala yake yangoyamba kumene. Ikufunika masabata atatu kuti njere zikhwime. Chikwakwa chikamupeza mawa, sipadzakhalanso wina.

Ndiye mawa mutchetche bwalo lonse, alendo aone kuti pano pali ana. Koma mukafika kuseri kwa khola, chikwakwa musiye pakhoma. Pamenepo mugwade, muzule ndi manja wamfupi yense amene wamuzungulira, tidzadye wotendera. Wamtaliyo musamukhudze. Amayi anu musawauze kanthu, Dalitso ndikunena iwe wa pakamwa. Kuseriko safikako masiku ano, poti mazira mumatola ndinu. Ndinawalonjezapo kamodzi n'kuwakhumudwitsa, ulendo uno ndikufuna ndidzangowagwira dzanja n'kupita nawo.

Tandidzutsani, tiyeni mukamuone. Pang'onopang'ono, mawondo awa ndi a ku Kabulonga. Uyo apo. Taonga, taima pafupi naye, usamugunde. Wakufika paphewa, eti? Tsopano yang'ana pakhoma la kholapo, pali kamzere kamene ndinalemba ndi khala. Pamenepo ndi pamene pankafika kaduku ka agogo anu. Dzulo panatsala zikhatho zitatu. Tayeza iwe, maso angawa amandinamiza.